Mbiri ya Device Tree ndi IOMMU mu Kernel ya Linux

IOMMU ndi kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta kamene kamakhala pakati pa memory ndi zipangizo zina monga kamera, khadi ya netiweki, chowerengera disiki kapena gawo loonetsa zithunzi pa sikirini. Zipangizo zoterezi sizidikira kuti purosesa izinyamulire deta. Zimalemba ndi kuwerenga mu memory pazokha, ndipo njira imeneyi imatchedwa DMA. Pamene palibe IOMMU, adiresi imene chipangizo chatchula ndi imene chimafikadi, moti chikasokonezeka chikhoza kulemba pamwamba pa kernel yeniyeniyo. IOMMU imalandira adiresi iliyonse yochokera ku chipangizo, kuiyang'ana m'matebulo amene kernel inakonzeratu, kenaka n'kuisandutsa adiresi yeniyeni kapena kuikana. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya MMU ya mu purosesa, kungoti MMU imatumikira mapulogalamu pamene IOMMU imatumikira zipangizo.

Phindu lake silithera pa chitetezo. Kamera ya foni imafuna malo aakulu ogundizana oti ilembepo chithunzi, koma memory ya foni imene yakhala ikuyaka kwa masiku angapo imakhala itagawikagawika m'timasamba ta makilobaiti 4 tomwazikana uku ndi uku. IOMMU imatilumikiza kuti kamera itione ngati malo amodzi. Zipangizo zimene adiresi yake ili ndi mabiti 32 sizifika kupyola magigabaiti 4, ndipo IOMMU imazitsegulira njira yopita pamwamba pa malirewo. Komanso kompyuta imodzi ikamayendetsa makina ongoyerekezera angapo, IOMMU ndi imene imalola kuti khadi imodzi iperekedwe kwa makina amodzi popanda kuika anzake pachiopsezo.

Kuti kernel iigwiritse ntchito, driver ya IOMMU iyenera kudziwa kumene kuli ma register ake, interrupt imene imatumiza ikapeza cholakwika, ndiponso zipangizo zimene zimadutsira mwa iyo pamodzi ndi nambala imene chilichonse chimadziwika nayo. Ziwiri zoyambazo n'zofunika pa chipangizo china chilichonse. Chachitatucho ndi chimene chinavuta kwa zaka zambiri. Khadi ya PCI kapena chipangizo cha USB chimadzitchula chokha chikafunsidwa, koma zigawo zimene zili pa chip imodzi ya foni kapena ya galimoto sizinena kanthu, ndipo palibe njira yozifunsira kuti zimafika bwanji ku memory. Pa makompyuta a Intel ndi AMD, firmware imapereka yankho m'matebulo a ACPI, DMAR kwa Intel ndi IVRS kwa AMD. Pa makina ambiri a ARM, PowerPC ndi RISC-V yankho limalembedwa mu device tree.

Device tree inayambira ku Sun Microsystems chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mu firmware yotchedwa OpenBoot imene Mitch Bradley anapanga pogwiritsa ntchito chilankhulo cha makompyuta cha Forth. Mu 1994 inakhala muyezo wa IEEE 1275, wodziwika kuti Open Firmware. Apple inautenga m'makompyuta a Power Macintosh okhala ndi PCI kuyambira 1995, ndipo IBM inauika m'maseva ake a PowerPC. Makina akamayaka, firmware inkafufuza zonse zimene zilimo n'kuzindandalika ngati mtengo: muzu ndi makina onse, nthambi ndi mabasi, ndipo nthambi zing'onozing'ono ndi zipangizo. Nthambi iliyonse, imene amisiri amaitcha node, inkakhala ndi mizere yofotokoza chipangizocho. Mzere wa compatible umanena mtundu wake, wa reg umanena adiresi ya ma register, wa interrupts umanena waya wa interrupt. Panalinso phandle, nambala imene nthambi imodzi imalozera nayo nthambi ina yakutali. Zonsezi zilipobe mpaka lero.

Amene anaumasula mtengowu ku firmware ndi amisiri a Linux ya PowerPC. Kernel ikatenga ulamuliro wa makina singathenso kumafunsa Open Firmware, choncho cha mu 2005 Benjamin Herrenschmidt anakonza zoti mtengo wonse uzikopedwa mu mtolo umodzi wa deta kernel isanayambe ntchito yake. Zitatero, panalibenso chifukwa choti mtolowo uzichokera ku Open Firmware. David Gibson analemba pulogalamu ya dtc imene imatenga fayilo ya .dts yolembedwa ndi munthu n'kuisandutsa fayilo ya .dtb yoti kernel iwerenge. Pamene code ya PowerPC ya mabiti 32 ndi ya mabiti 64 inaphatikizidwa mu arch/powerpc, panakhazikitsidwa lamulo loti bolodi iliyonse izibwera ndi device tree, ngakhale timabolodi ta Freescale tongoyaka ndi pulogalamu yoyatsa makina ya U-Boot. Bungwe la Power.org linalemba malamulowa mu chikalata cha ePAPR mu 2008, ndipo chikalatachi ndi chimene chinadzakhala Devicetree Specification mu 2016.

M'mitengo yakaleyi IOMMU inalimo kale, ndipo sinkavutitsa aliyense. Pa makina a SPARCstation a mtundu wa sun4m, nthambi ya iommu inali kholo la basi ya SBus, moti chilichonse chopachikidwa pa SBus chinkaonekeratu kuti chimadutsira mu IOMMU. Maonekedwe a mtengowo ankanena okha nkhani yonse. Pa maseva a IBM, mzere wa ibm,dma-window unkauza kernel za TCE, tebulo lomasulira maadiresi la basi ya PCI, ndipo Power Mac G5 ya Apple inali ndi IOMMU yotchedwa DART yokhala ndi nthambi yakeyake. Pa makina onsewa zipangizo zinali pa basi imodzi yodziwika, ndipo njira imene purosesa imafikira chipangizo inali yomweyo imene chipangizo chimabwererapo popita ku memory. Pa chip ya foni sizili choncho. Mtengo umasonyeza dziko monga purosesa imalionera, pamene njira ya chipangizo yopita ku memory imadutsa kwina, m'mawaya amene mtengo sukuwaonetsa.

Linux ya ARM inachedwa kulandira device tree. Kwa zaka zambiri bolodi iliyonse inkalembetsedwa kwa Russell King n'kupatsidwa nambala. Pulogalamu yoyatsa makina inkapereka nambalayo kwa kernel, ndipo kernel inkasankha fayilo ya C yogwirizana nayo, imene inkatchula chipangizo chilichonse cha pa bolodiyo ndi zonse zofunika kwa driver yake. Mafoni a Android atachuluka, mafayilowa anachulukanso mosalamulirika, ambiri ongokopana. Mu Malichi 2011 Linus Torvalds anadandaula mwaukali kuti code ya ARM yafika posautsa. Zotsatira zake zinali ziwiri. Arnd Bergmann, amene pambuyo pake anagwirizana ndi Olof Johansson, anayamba kuyang'anira code ya ma chip onse a ARM pamalo amodzi, ndipo ntchito ya Grant Likely yobweretsa device tree ku ARM, imene inali itatenga kale zaka, inalowa mu kernel chaka chomwecho. Linux 3.7 ya mu Disembala 2012 inabweretsa kernel imodzi yotha kuyaka pa ma chip a makampani osiyanasiyana, komanso ARM ya mabiti 64, kumene mafayilo a bolodi sanaloledwe n'komwe. Kuyambira pamenepo driver iliyonse imene inkadalira fayilo ya bolodi inayenera kuphunzira kuwerenga mtengo.

Pa nthawi yomweyo gawo la IOMMU mu kernel linali likungoumbika. Driver ya VT-d ya Intel inalowa mu Linux 2.6.24 ndipo ya AMD, yolembedwa ndi Joerg Roedel, inalowa mu 2.6.27, zonse mu 2008. Chaka chotsatira Roedel anakonza njira imodzi yoitanira ma driver awiriwa, makamaka kuti KVM, gawo la kernel loyendetsa makina ongoyerekezera, izitha kupereka makhadi a PCI kwa makinawo. Ma driver a ARM anali obisika m'mafoda a makampani awo: ya OMAP ya Texas Instruments, imene Hiroshi Doyu analemba ali ku Nokia pofuna kutumikira kamera ya OMAP3, ya MSM ya Qualcomm, ndi ya System MMU ya Samsung. Mu 2011 Ohad Ben-Cohen anayamba kuwasonkhanitsa mu foda ya drivers/iommu. Ataikidwa pamodzi, kusiyana kwawo kunaonekera poyera. Pa OMAP, IOMMU imodzi imatumikira chipangizo chimodzi. Pa Exynos ya Samsung, chipangizo chimodzi chikhoza kukhala ndi ma IOMMU awiri kapena kuposerapo. Pa Tegra ya NVIDIA, IOMMU imodzi ili m'kati mwa choyang'anira memory ndipo imagawa zipangizo m'magulu. SMMU ya kampani ya ARM imazindikira zipangizo ndi manambala otchedwa stream ID, ndipo chipangizo chimodzi chimatha kutulutsa manambala angapo.

Kalembedwe kovomerezeka kofotokozera mtundu wina wa chipangizo mu device tree kamatchedwa binding. Ma binding oyambirira a IOMMU pa ARM anali a aliyense payekha. Ya Tegra ya mu 2012 inkatchula ma register, chiwerengero cha ma ASID (manambala osiyanitsa matebulo a maadiresi) ndi malire a maadiresi a DMA, koma sinkanena chilichonse chokhudza zipangizo zodutsiramo. Amene anayesa kuyankha funsolo mwachindunji ndi Will Deacon wa ku ARM, mu driver ya SMMU imene inalowa mu Linux 3.11 mu Seputembala 2013. Iye anaika mzere wa mmu-masters mu nthambi ya SMMU, wondandalika phandle ya chipangizo chilichonse ndi ma stream ID ake, ndipo chipangizo chilichonse chinkanena kuchuluka kwa manambala ake mu mzere wa #stream-id-cells.

Njirayi inagwira ntchito pa maseva oyambirira a ARM monga a Calxeda, koma inali yozondoka. Mwambo wa device tree ndi wakuti wogwiritsa ntchito chinthu ndi amene amaloza kwa wochipereka. Chipangizo chimatchula interrupt yake, wotchi yake ndi mapini ake a GPIO mu nthambi yakeyake, ndipo wopereka amangonena kuchuluka kwa manambala amene akufuna. Ndi mmu-masters, wopereka ndi amene ankasunga mayina a onse omugwiritsa ntchito. Munthu wowonjezera chipangizo pa bolodi anayenera kukasintha nthambi ya SMMU imene kawirikawiri ili mu fayilo ina. Code ya pakati pa kernel sikanatha kuyang'ana nthambi ya chipangizo n'kudziwa kuti chili ndi IOMMU. Choipitsitsa chinali chakuti makhadi a PCI alibe nthambi mu mtengo, popeza amapezeka makina atayaka kale, choncho panalibe phandle yoti ilembedwe.

Mkangano wa njira imodzi yoyenera onse unatenga pafupifupi chaka, ndipo chimene chinkauchititsa kulemera ndi mfundo imene inakambidwa kwambiri pa msonkhano wa amisiri a kernel ku Edinburgh mu Okutobala 2013: binding ikangovomerezedwa imakhala pangano losasinthika. Fayilo ya .dtb ikhoza kuikidwa mu firmware ya bolodi n'kukhala momwemo zaka khumi, ndipo kernel yatsopano iyenera kumayakabe nayo. Code yolakwika imakonzedwa mwezi wamawa, koma binding yolakwika imasenzedwa mpaka bolodi yomaliza itatayidwa. Mfundo inzake inali yakuti mtengo uzifotokoza mmene chipangizo chinapangidwira, osati mmene driver ya Linux ikufunira kuchiyendetsa, chifukwa mtengo womwewo umawerengedwanso ndi U-Boot, FreeBSD ndi Xen.

Chikalata chimene chinathetsa nkhaniyi chinalembedwa ndi Thierry Reding wa ku NVIDIA ndipo chinalowa mu Linux 3.17 mu 2014. N'chachifupi modabwitsa. Nthambi ya IOMMU imakhala ndi mzere wa #iommu-cells wonena kuti pamafunika manambala angati kuti chipangizo chidziwike. Nthambi ya chipangizo imakhala ndi mzere wa iommus, wokhala ndi phandle ya IOMMU ndi manambalawo. IOMMU yotumikira chipangizo chimodzi chokha imalemba 0, chifukwa palibe choti isiyanitse. Yotumikira zambiri imalemba 1 kapena kuposa. Chipangizo chokhala ndi njira ziwiri zopita ku memory chimalemba kawiri. Tanthauzo la manambalawo linasiyidwa m'manja mwa binding ya IOMMU iliyonse, ndipo apa m'pamene panali nzeru, chifukwa akanayesa kupereka tanthauzo limodzi la OMAP, Exynos, Tegra ndi SMMU pamodzi, bwenzi mkanganowo usanathe. Chikalatacho chinanenanso kuti IOMMU yotchulidwayo ikakhala yozimitsidwa mu mtengo, chipangizo chizitsatira mzere wa dma-ranges wa kholo lake ngati kuti IOMMU palibe. Za PCI chinazisiya dala kuti zidzakambidwe pambuyo.

Mmene driver imaphunzirira kuwerenga mtengo zikuoneka bwino pa IPMMU ya Renesas, imene ili mu ma chip a R-Car oikidwa m'magalimoto. Laurent Pinchart analemba driver yake, ipmmu-vmsa, ndipo inalowa mu Linux 3.16 mu 2014. Mu IPMMU, zipangizo zimalumikizidwa ku tizigawo totchedwa micro-TLB, ndipo chip imodzi imakhala ndi ma IPMMU angapo, ina ya zithunzi ndi kanema, ina ya zonyamula deta, ndi ena otero. Poyamba driver inkalandira kuchokera ku code ya bolodi ndandanda ya mayina a zipangizo, dzina lililonse ndi nambala ya micro-TLB yake, n'kumafananitsa mayinawo ndi zipangizo zimene zapezeka. Kufananitsa mayina n'kosadalirika, chifukwa dzina la chipangizo mu kernel limasintha chikangoyamba kupangidwa kuchokera mu mtengo.

Zosintha zimene zinalowa mu Linux 4.0 mu 2015 zinachotsa ndandandayo. Panalembedwa kaye chikalata cha binding, chimene chimaunikidwa padera ndi oyang'anira device tree: compatible ikhale renesas,ipmmu-vmsa, patsatire reg ndi interrupts, ndipo #iommu-cells ikhale 1, nambala imodziyo ikhale ya micro-TLB. Mu driver munaikidwa tebulo la ma compatible kuti kernel iziilumikiza ndi nthambi yoyenera. Pamene chipangizo chatsopano chaonekera, driver inkawerenga mzere wake wa iommus, kufufuza IPMMU imene phandle ikuloza, kuonetsetsa kuti nambala ya micro-TLB siyopyola zimene IPMMU ili nazo, ndiponso kukana chipangizo chimene chatchula ma IPMMU awiri osiyana. Pomalizira, nthambi za IPMMU zinawonjezeredwa m'mafayilo a .dtsi a ma chip a R-Car H2 ndi M2. Code yonse yosinthidwa inali yochepa. Driver ya OMAP inadutsa njira yofanana mu 2014 kudzera mwa Florian Vaussard ndi Suman Anna, ndipo ya Exynos inamalizidwa ndi Marek Szyprowski mu Linux 4.2. Mibadwo yotsatira ya R-Car inawonjezera mzere wa renesas,ipmmu-main, chifukwa kumeneko ma IPMMU aang'ono amadalira IPMMU imodzi yaikulu imene imawerenga matebulo.

Kulemba ubale wa chipangizo ndi IOMMU kunali kosavuta poyerekeza ndi funso la nthawi. Driver ya kamera kapena ya sikirini siidziwa kuti pali IOMMU. Imangopempha memory kudzera mu DMA API n'kulandira adiresi yoti ipereke kwa chipangizo. Ngati IOMMU ili yokonzeka, adiresiyo imakhala yoti idzamasuliridwe. Ngati siinakonzeke, imakhala adiresi yeniyeni. Tsoka limagwa IOMMU ikayaka pakati pa ntchito, chifukwa maadiresi onse amene chipangizo chagwira kale amasanduka opanda pake. IOMMU ili ngati mlonda wa pachipata amene ayenera kufika antchito asanayambe kulowa, chifukwa akafika mochedwa n'kutseka chipata, amene ali kale m'kati alibe zitupa. Koma kernel ya Linux siilonjeza kuti ma driver aziyamba mu dongosolo lililonse, ndipo device tree siinena kuti nthambi iti iyambe.

Mayankho oyambirira anali ongozembera. Ma driver a IOMMU ankadzilembetsa pa msinkhu woyambirira wa initcall, dongosolo limene kernel imayambitsira zigawo zake ikamayaka, ndipo mu Makefile ya ma driver foda ya iommu inasunthidwa kuti ikhale patsogolo pa ya gpu, kuti code yake iziyamba msanga. Mu Linux 3.19, Will Deacon anabweretsa yankho la pakati: ntchito ya of_iommu_configure inkawerenga mzere wa iommus pamene chipangizo chikupangidwa, n'kupereka manambala kwa driver ya IOMMU kudzera mu of_xlate. Apa driver iliyonse inamasuka ku ntchito yowerenga mtengo payokha. Koma kuti zitheke, IOMMU inayenera kuyatsidwa zipangizo zonse zisanapangidwe, kudzera mu IOMMU_OF_DECLARE, pa nthawi imene mawotchi ndi zoyang'anira magetsi zimene IOMMU imadalira sizinakhazikike. Ma driver ena anafika podzipangira okha chipangizo chawo pamanja kuti apeze zimene akufuna.

Chida choyenera chinalipo kale. Mu Linux 3.4 ya mu 2012, Grant Likely anaika njira yakuti driver ikapeza kuti chimene ikudalira sichinafike, ibweze yankho la EPROBE_DEFER, ndipo kernel idzaiyesenso pambuyo pake. Vuto linali lakuti DMA inkakonzedwa chipangizo chikamapangidwa, osati driver ikamalumikizidwa nacho, choncho panalibe woti abweze yankholo. Laurent Pinchart anayamba ntchito yosamutsa gawoli, Sricharan R ndi Robin Murphy anaipitiriza, ndipo inalowa mu Linux 4.12 mu 2017, patatha zaka zitatu binding itavomerezedwa. Kuchokera pamenepo IOMMU inakhala chipangizo wamba, ndipo oidalira ankaidikira.

Kudikira kunabweretsa funso lina: nanga mtengo ukatchula IOMMU imene driver yake mulibe mu kernel? Chipangizo chikadikira mpaka kalekale, makina amene akanayenda bwinobwino opanda IOMMU sayaka, makamaka chikakhala chowerengera disiki. Poyamba kernel inkayang'ana tebulo la IOMMU_OF_DECLARE kuti ione ngati driver ilipo. Mu Linux 4.19 Rob Herring anachotsa tebulolo, n'kuika lamulo lakuti kudikira kuzitha ma initcall onse akatha kapena nthawi yoikika ikakwana. Nkhaniyi inautsidwanso mu Linux 5.6, ma driver a SMMU ataloledwa kukhala ma module olowetsedwa pambuyo, chinthu chimene Android inkafuna kuti kernel imodzi izitumikira mafoni a makampani ambiri. Chimene chinathandiza ndi fw_devlink ya Saravana Kannan, imene imawerenga ma phandle a mu mtengo, kuphatikizapo iommus, n'kudziwiratu amene akudalira mnzake driver iliyonse isanayesedwe. Inamangidwa pa ma device link amene Rafael Wysocki anaika mu Linux 4.10, ndipo amene anayamba kuwagwiritsa ntchito ndi driver ya Exynos, pofuna kuti System MMU iziyaka ndi kuzima limodzi ndi chipangizo chake m'malo modya batire nthawi zonse.

Nkhani ya PCI inathetsedwa ndi mzere wa iommu-map, umene Mark Rutland analemba. Khadi iliyonse ya PCI imadziwika ndi nambala ya mabiti 16 yotchedwa Requester ID: mabiti 8 a basi, 5 a chipangizo ndi 3 a ntchito yake. M'malo motchula khadi iliyonse, nthambi ya mlatho wa PCI imanena kuti manambala oyambira apa, ochuluka chonchi, amapita ku IOMMU yakuti ndipo kumeneko amayambira pa nambala yakuti. Robin Murphy anaphunzitsa ma driver a SMMU kuwerenga iommus ndi iommu-map mu Linux 4.9 ya mu Disembala 2016, ndipo mmu-masters inalengezedwa kuti ndi yachikale. Siinachotsedwe, chifukwa panali makina ogulitsidwa kale okhala nayo mu firmware, ndipo code yoiwerenga inakhalabe mu driver kwa zaka zambiri pambuyo pake. Ntchito yomweyo inabweretsa iommu_fwspec, kamalo kosungira manambala a chipangizo mosayang'ana kumene achokera. Izi zinathandiza maseva a ARM ogwiritsa ntchito ACPI, amene tebulo lawo la IORT linayamba kufotokozera kernel za SMMU mu Linux 4.10, ma driver ake ali omwewo.

Mitengo yambiri yolembedwa m'zaka zimenezi inali yosakwanira, koma palibe ankadziwa, chifukwa SMMU inkalola chipangizo chosatchulidwa kudutsa osamasuliridwa. Mu Linux 5.2 ya mu 2019 driver ya SMMU inasinthidwa kuti, pokhapokha wina atasankha mwina, izikana stream ID iliyonse yosadziwika. Pa chitetezo kunali kuchita bwino, popeza IOMMU yolola aliyense wosadziwika siteteza kanthu. Koma mabolodi angapo amene mitengo yake inaiwala mzere wa iommus anasiya kugwira ntchito mpaka mafayilo awo atakonzedwa. Vuto lapafupi ndi ili ndi la sikirini imene pulogalamu yoyatsa makina imaisiya ikuonetsa chizindikiro cha kampani. Gawo loonetsa zithunzilo limakhala likuwerengabe memory pamene kernel ikuyatsa IOMMU, ndipo matebulo atsopano akakhala opanda maadiresi amenewo sikirini imathima kapena kudzaza zolakwika. Mzere wa iommu-addresses, umene Thierry Reding anauika mu Linux 6.3 mu 2023, umalola mtengo kunena kuti dera lakuti la memory likugwiritsidwa kale ntchito pa adiresi yakuti ndipo lisungidwe momwemo.

Zikalata za binding nazo zinasintha. Kwa nthawi yaitali zinali zolemba wamba zoti munthu awerenge, ndipo cholakwika mu fayilo ya .dts chinkadziwika pokhapokha bolodi ikakana kuyaka. Kuyambira Linux 5.0 mu 2019, motsogozedwa ndi Rob Herring, ma binding amalembedwa mu YAML mwa njira imene makina angathe kuiunika. Lamulo la make dtbs_check limafananitsa mtengo uliwonse ndi binding yake n'kudandaula ngati #iommu-cells yasowa kapena ili ndi nambala yosayenera. Ma binding a SMMU, IPMMU, Exynos ndi ena anasamutsidwira ku kalembedwe katsopanoka imodziimodzi, ndipo binding yatsopano siilandiridwa ikakhala m'kalembedwe kakale.

Ma IOMMU amene anabwera pambuyo anapeza njira italambulidwa. Pa chip ya M1 ya Apple, zipangizo monga USB ndi PCIe sizingafike ku memory popanda kudutsa mu DART, dzina lomwe lija la m'nthawi ya G5 ngakhale chipangizocho n'chatsopano. Sven Peter wa gulu la Asahi Linux analemba driver yake, imene inalowa mu Linux 5.15 mu 2021, ndipo binding yake ili ndi #iommu-cells ya 1, nambala ya njira imene chipangizo chimalowera mu DART. Muyezo wa IOMMU ya RISC-V unavomerezedwa mu 2023, ndipo driver yake, yolembedwa ndi Tomasz Jeznach, inalowa mu Linux 6.13 mu Januwale 2025. IOMMU imeneyi ikhoza kukhala gawo la pa chip kapena kuoneka ngati chipangizo cha PCI pachokha, ndipo binding yake imafotokoza mitundu yonse iwiri pogwiritsa ntchito iommus pa zipangizo za pa chip ndi iommu-map pa makhadi a PCI.